Ruo wa m'Malichero

Chaka chimene mwana wanga anadwala chifuwa, mvula inayamba msanga ndipo inaiwala kuleka. Tinkakhala kumunsi kwa Milange, njira ya ku Majaua, pamalo pamene ukakwera pachulu umaona Ruo akung'anima pakati pa mabango, ndipo kutsidya kwake phiri la Mulanje litafunda mitambo mpaka m'chiuno. Nkhondo inali itatseka msewu kalekale. Kachipatala kathu kanalibe zitseko, munkagona mbuzi. Bambo a mwanayu anali ku Malawi. Anawoloka m'chilimwe atasenza katundu wa anthu amalonda, njira yobwerera n'kuwatsekera kumbuyo. Ine ndinatsala ndi amayi anga, amalume anga, ndi kamwana kakakazi kamene kanali kasanayambe n'kukwawa komwe.

Ndinali wamanyazi. Ngakhale nditabereka, akuluakulu akamalankhula ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi. Kushikola ndinalekeza kalasi yachitatu, aphunzitsi atathawa. Kuphatikiza ndi kuchotsera ndinkatha, basi.

Amalume anali munthu wa mtundu wina. Ali mnyamata ansembe anawatenga kukaphunzira, kenaka anatumizidwa kudziko lozizira kumene ankati mtsinje umauma gwa, anthu n'kumayenda pamwamba pake. Atabwerako ankagwira ntchito mumzinda waukulu, mu ofesi yoona za madzi. Ntchito yawo inali kudziwiratu mmene mitsinje idzadzalire. Ankatiuza za makina aakulu ngati chipinda, amene ankawadyetsa timakadi tobowolabowola, iwo n'kumalavula manambala. Anabwera kumudzi kudzaika agogo, msewu unatsekeka tisanamete n'komwe, ndipo anakhala. Mapepala awo anawatentha, magalasi anawakwirira pansi pa nkhokwe, chifukwa masiku amenewo munthu wopezeka ndi cholembera anthu amfuti ankamuyesa wa boma. Anatsala ndi kansungwi kamene anakadula timizere ndi mpeni. Ankayenda nako m'timitsinje ndi m'madambo, kukaviika m'madzi, kukabweretsa pafupi ndi mphuno kuti aone, uku akung'ung'udza m'Chipwitikizi.

"Achimwene," amayi ankatero, "anzanu akulima, inu mukuyeza madzi ngati mudzawagulitsa."

"Achemwali, mutu ukasowa ntchito umalowa chiswe."

Chifuwa cha mwana chinayamba ngati chimfine. Kenaka anayamba kusiya bere pakati kuti afunefune mpweya. Akamapuma nthiti zinkalowa mkati. Ndikamubereka ndinkamva kumsana kwanga ngati ndanyamula mbalame yogwidwa pa ulimbo. Amayi anayesa masamba onse amene ankawadziwa, kufukiza, kuthowa. Tinapemphera korona. Tonse tinkadziwa kuti chofunika ndi jakisoni, ndipo jakisoni anali kutsidya, kuchipatala cha amishoni. Kuchipata cha ku Muloza sikunkapitika. Panatsala doko lathu lokha, pamene m'chilimwe ana ankawoloka madzi ali m'maondo. Koma Ruo anali atadzala, wofiira, atasenza mitengo yathunthu ndi mizu yake.

M'mawa wina mvula inakata. Kwathu mtsinje ukadzala timadikira. Timazika bango m'mphepete, n'kumapita kukaliona mpaka madzi ataphwa okha. Tinali ndi mnansi, mayi wamtali wa mawu aakulu, amene ankawolotsa mchere ndi sopo mobisa n'kumagulitsa pamsika. Tonse tinkangowatcha amayi a mchere, ndipo palibe ankalidziwa doko kuposa iwo. Anabwera kudzaona mwana, anamugwira pachifuwa, anayang'ana amayi.

"Mvula imeneyi, mtsinje suphwa sabata ino," anatero.

Sabata mwanayo analibe, ndipo aliyense pakhondepo ankadziwa.

Amalume anali atakhala pamtondo wogona, kansungwi kali pamiyendo. Anati, "Ruo si madzi amodzi. Muli madzi othamanga, a m'phiri, amene amabwera ndi ukali n'kudutsa. Mulinso madzi aulesi, a m'madambo a kumtunda, amene amadzuka mochedwa n'kubwera akukokakoka miyendo, ndipo akafika sachoka msanga. Nthawi zina othamanga amatha aulesi asanafike. Pakati pawo pamatseguka kakhomo."

"Ndiye katseguka liti?" amayi anafunsa.

"Maso sangaone. Mwina sikatseguka n'komwe. Pamafunika masamu."

"Werengani tsono. Munapitiranji kozizira kuja?"

"Ndilibe makina, achemwali. Ndilibe ngakhale pepala."

Amayi anali ndi nyemba m'lichero, akusankha zofumbwa, chifukwa manja awo sankadziwa kukhala. Amalume anaziyang'ana nyembazo mpaka ndinaganiza kuti agona. Kenaka anati, "Itanani azimayi. Aliyense abwere ndi lichero lake. Anthu amfuti akadutsa, aona azimayi akusankha nyemba."

Anabwera ambiri ndithu, ena chifukwa cha chifundo, ena kudzaona misala ya amalume ndi maso awo. Tinakhala pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba, madontho akugwabe m'masamba. Amalume anatiika m'malo ngati anthu a kwaya. Kumtunda anaika azimayi awiri kuti akhale timitsinje ta m'phiri. Amayi anga anawapatsa dambo lalikulu, mulu wa nyemba wosefukira. Ena anakhala Ruo yemwe, chigawo ndi chigawo, motsatana ngati mikanda. Amayi a mchere anakhala thamanda la pambali pa mtsinje, limene Ruo akakwera limameza madzi msanga, akatsika n'kuwabweza msanga. Moyang'anizana nawo anaika alamu awo, mayi wamfupi wa Chilomwe wogulitsa fodya, amene anali Ruo wa pamenepo. Ine anandiika kumapeto kwenikweni.

"Mwanawe, iwe ndiwe doko," anatero, n'kundipatsa chitini chimene anachilemba mzere ndi khala. "Nyemba zako ukazithira umu n'kulekeza pansi pa mzerewu, ndiye kuti munthu wamkazi akhoza kuwoloka madzi ali m'chiuno."

Nyemba zinali madzi. Amalume anagawa milu molingana ndi zimene kansungwi kawo kanawauza ndi zimene ankakumbukira za mtsinjewu kuchokera ku ofesi. Akawomba m'manja, aliyense ankapatsa mnzake wa kumunsi gawo la mulu wake. Timitsinje ta m'phiri tinkapereka kwambiri. Amayi anga, pokhala dambo, ankangotsina pang'ono. Amayi a mchere ndi alamu awo anali ndi lamulo lawolawo: amene mulu wake wapambana, apatse mnzake pang'ono pa zimene wapambana nazozo. Amalume anati kuwomba m'manja kumodzi kukuimira kanthawi kongokwana kupemphera chigawo chimodzi cha korona.

Tinayamba. Nyemba zikamagwa m'lichero zimamveka ngati mvula yoyamba pa masamba a nthochi. Ine ndinali ndisanagone bwino kuyambira pamene mwana anadwala, ndipo phokoso limenelo linanditenga. Ndinkaona manja akuda akutsika ndi kukwera, nyemba zofiira zikuyenda lichero ndi lichero, ndipo pang'onopang'ono ndinasiya kuona azimayi. Ndinkaona mtsinje uli pansi pa mango, utachoka kuphiri n'kudzagona pamiyendo yathu, wofatsa, woti munthu n'kuusisita. Alamu a amayi a mchere ankawerenga m'Chilomwe, amalume m'Chipwitikizi, amayi m'chinenero chathu, ndipo mawu onsewo ankayenda pamodzi ngati madzi a timitsinje tosiyana. Kumsana kwanga mwana ankapuma mofulumira kuposa onsewo.

Dzuwa litafika pamutu, amayi anawongola msana. "Achimwene, tafika pati?"

Amalume anakanda m'mutu. "Mtsinje wa m'malicherowu ukadali m'mawa."

"M'mawa wa mawa?"

"Wa lero."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwetsa nyemba. Kuwerenga ndi kupatsana kunkatenga nthawi yaitali kuposa kanthawi kamene tinkayerekezako, choncho Ruo weniweni anali atatisiya kumbuyo.

"Ndiye kuti yankho lanu lidzafika mtsinje utayankha kale," anatero amayi a mchere. "Ukatswiri wake ndi umenewu?"

Amalume anavomera. Anati atalikitsa phazi mpaka pamene angalimbe mtima. Kuwomba m'manja kumodzi kunayamba kuimira nthawi yotalikirapo, ndiye aliyense ankapereka zochulukirapo. Kwa amayi a mchere ndi alamu awo anati, amene wapambana apereke pafupifupi zonse zimene wapambana nazo, koma asapitirire.

Poyamba zinayenda. Kenaka chitini changa chinayamba kuchita zachilendo. Kuwomba kumodzi chinkadzaza, kuwomba kwina chinkatsala theka, kwinanso chinkasefukira. Ndinayang'ana kumtunda. Lichero la amayi a mchere linkatupa, la alamu awo n'kuphwa, kenaka la alamu n'kutupa koposa, la amayi a mchere n'kuoneka nsungwi zapansi. Ruo ankauma ndi kusefukira, kuuma ndi kusefukira, ndipo ulendo uliwonse zinkakula. Amalume, poti analibe magalasi, anagwada pakati pa awiriwo n'kuika nkhope pafupi ndi manja awo. Anawomba. Amayi a mchere anawerenga bwinobwino, anathira, kenaka dzanja lawo linabwerera lokha kumulu n'kuponyanso kadzanja kena pamwamba.

"Mayi, icho n'chiyani?"

"Chiti?"

"Chimene mwawonjezeracho."

"Aa, ameneyo ndi basela. Munthu ungamuthirire n'kumusiya choncho wopanda kapamwamba? Mukundiyesa mfiti?"

"Nanga inu?" anatembenukira kwa alamu aja.

"Ine ndilandire basela osabweza? Kuti mawa uyu azikalengeza pamsika kuti Alomwe ndi oumira?"

Zinapezeka kuti onse ankatero, ngakhale amayi anga. Anthu amene anakulira pamsika sathira chinthu m'lichero la mnzawo osawonjezera. Pamene tinkayenda timapazi ting'onoting'ono basela sankaoneka. Koma phazi litatalika, kadzanja kamodzi kankapitiriza muyeso, wolandirayo n'kukhala wopambana, iye n'kubweza mopitiriranso, mpaka mtsinje wonse unapenga.

Amalume analetsa. Azimayi analonjeza. Tinakonza milu n'kuyambanso, ndipo posakhalitsa chitini changa chinayambanso kuvina.

"Ndanena kuti musawonjezere!"

"Bambo, pakamwa pamva," anatero amayi a mchere, "koma dzanjali silimva Chipwitikizi chanu."

Anthu anaseka, koma kusekako kunadukira pakati, chifukwa mwana anayamba kutsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali, kachifuwa kopanda mphamvu. Dzuwa linali litapendeka.

Amalume anakhala pansi, padothi lonyowa. Analankhula ngati akuuza mtengo wa mango. "Masamu amenewa kusukulu tinkawatcha ouma. Muli chothamanga ndi chaulesi mumtanga umodzi. Ukayenda timapazi ta chothamanga, sufika. Ukatambasula mwendo kuti ulingane ndi chaulesi, kacholakwa kakang'ono kamabereka ana, anawo n'kubereka zidzukulu. Si basela yekha ayi. Kansungwi kanganso kamalakwa, maso anga amalakwa. Makina aja a mumzinda, amene anali ndi malichero zikwizikwi, ankatsamwa pomwepa." Anapuma. "Njira ina ilipo, ndi imene ndinapitira kozizira kuja. Supereka poona zimene uli nazo tsopano. Umapereka poona zimene udzatsale nazo pamapeto. Ukatero phazi likhoza kutalika mmene ungafunire. Koma zako za pamapeto zimadalira za mnzako, za mnzako zimadalira zako, ndiye onse ayenera kupeza yankho nthawi imodzi. Popanda makina sindikuona mmene tingachitire."

Palibe amene ankawamvera kupatula ine. Amayi a mchere ndi alamu awo anali atayamba kukangana pobwezerana nyemba kuti milu ikhale ngati poyamba.

"Zachuluka izi, mlamu, tenganiko."

"Mwathira zambiri tsopano, bwezani pang'ono."

"Izi?"

"Chotsanipo ziwiri."

"Imodzi. Ndiumire pa nyemba imodzi?"

Ulendo uliwonse manja awo ankasuntha zochepa kuposa ulendo wapitawo, mpaka onse awiri anachotsa manja n'kuwaika pamiyendo. Amalume anali atadzutsa mutu.

"Chitaninso," anatero.

"Tikanganenso?"

"Eya. Ndi zimenezo. Makina aja ankachita zomwezo, kungoti analibe pakamwa. Nenererani ngati pamsika."

Anaimirira ngati mnyamata. Anati tsopano kuwomba m'manja kumodzi kuimira theka lonse la tsiku. Akawomba, munthu asathire msanga. Aliyense aike patsogolo pake mulu umene akuganiza kuti atsala nawo pamapeto, ndipo chopereka chake chichokere pa mulu umenewo. Mnzake wa pambali aone, ndipo ngati sizikugwirizana ndi zake, anenerere, uyu asunthe pang'ono, uyo asunthe pang'ono, mzere wonse, mpaka pasakhale dzanja lofunanso kusuntha. Iwo ankayenda kumbuyo kwathu, kunong'oneza aliyense gawo lake.

"Nanga basela?" anafunsa alamu aja.

"Perekani. Njira yabwino iyenera kupirira basela."

Pansi pa mango panasanduka msika. Sindinamvetse zonse, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndimamvetsa. Koma ndinaona ndi maso anga kuti kadzanja kowonjezera sikankakulanso. Kakagwa m'lichero, pokanganapo kankabwerera theka, kenaka theka la theka, n'kuzimirira ngati mphete za madzi ukaponya mwala padziwe. Ulendo umodzi unkatenga nthawi yaitali ndi phokoso lambiri, koma ukatha tinkakhala titalumpha kuchokera masana kufika madzulo, kuchokera madzulo kufika m'mawa. Tinamupeza Ruo, tinamupitirira, tinayamba kuyenda m'tsiku limene linali lisanache.

Amene ankandipatsa ine nyemba anali akazi a akatekisiti, mayi wachikulire amene ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Titafika pa ulendo wa m'mawa wa mawa, anandikankhira kamulu kakang'ono. Ndinathira m'chitini, nyemba zinalekeza pansi pa mzere. Koma ndinali nditamva gawo limene amalume anawanong'oneza, ndipo ndinaona kuti zimene anandipatsazo zinali zoperewera. Anali atabisa zina kuseri kwa dzanja. Ankandimvera chisoni, ankafuna ndione khomo litatseguka. Ndinamva kutentha kumaso. Koma ndinaganiza za madzi enieni, amene sangabise kanthu kuseri kwa dzanja.

"Zachepa, amayi," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono, ndiye ndinabwereza. "Zachepa. Onjezerani."

Anandiyang'ana, anatsegula dzanja. Nyemba zinakwera pamwamba pa mzere.

Ulendo wotsatira, wa dzuwa litangopendeka mawa lake, nditathira m'chitini ndinagwedeza kuti zikhazikike. Mzere wa khala unaoneka wonse, nyemba zili pansi pake pang'ono. Ndinayang'ana akazi a akatekisiti. Anandionetsa manja onse awiri, opanda kanthu. Ulendo wa madzulo nyemba zinabwerera pamzere, chifukwa zija amayi anga ankatsina pang'onopang'ono kudambo zinali zitayenda mzere wonse n'kufika kwa ine. Kuchokera pamenepo chitini chinangokhala chodzaza, ulendo ndi ulendo.

Amalume anati tibwereze kuyambira pachiyambi, ndipo anasintha milu ina pang'ono, poopa kuti kansungwi kanawanamiza. Azimayi anadandaula za misana koma anakhala. Kakhomo kanatsegukanso pamalo omwewo, n'kutsekekanso.

Anthu atabalalika, amalume anadzakhala pafupi nane. "Mwanawe, ndikuuze zoona. Nyemba sizidziwa mvula imene isanagwe. Ikagwa kuphiri lero, zonsezi zafa. Ndipo mzere wa pachitiniwo ndaulemba ndi maso opanda magalasi."

"Mukumva, achimwene?" anatero amayi. "Inu nomwe mukukayika. Ndipereke mwana wanga ndi mdzukulu wanga kwa Ruo chifukwa cha ndiwo?"

"Sindikuuza munthu kuti apite, achemwali. Ndangonena pamene khomo lingakhale."

Onse awiri anayang'ana ine. Ndinamasula mwana, ndinamuika pamiyendo. Milomo yake inali itayamba kuda.

"Ndipita," ndinatero.

Kuphiri sikunagwe mvula. M'mawa tinatsikira kudoko, ine, amayi, amalume ndi amayi a mchere, amene anati sangalole kamtsikana kowonda ngati ine kulowa m'madzi kokha. Tinabisala m'mabango. Ruo anali akadali wodzala, akubangula. Amayi anangondiyang'ana. Tinadikira. Nkhungu inkanyamuka pamadzi ngati utsi wa munda wotenthedwa kutali. Ndinkasinza n'kudzidzimuka, kusinza n'kudzidzimuka, ndipo nthawi ina ndinalota mtsinje wonse uli nyemba, ine ndikuyenda pamwamba pake osamira. Nditatsegula maso, mawu a Ruo anali atasintha. Sankabangulanso, ankalongolola. Pakati pa madzi panali patatuluka msana wa mwala umene m'mawa sunalipo.

Dzuwa litapendeka pang'ono, amayi a mchere anakwinya kapulana, chitenje chawo, anatenga mtengo wautali. Amayi anga anandimangirira mwana pamwamba, pakhosi penipeni, mutu wake utatsamira wanga. Anamanga mfundo, anaimasula, anaimanganso. Amalume anandigwira paphewa n'kuchotsa dzanja msanga.

Madzi anali ozizira ngati achokera m'mwala. Anafika m'maondo, m'ntchafu, m'chiuno. Tinapitirira, ndipo anapitirira kukwera. Anafika pamimba, anafika pansi pa mabere. Ndinagwira kapulana wa amayi a mchere ndi manja awiri.

"Amalume akowo anayeza chiuno cha ndani?" anakuwa osatembenuka. "Cha nyamalikiti? Usayang'ane madzi, iwe, yang'ana phiri!"

Ndinayang'ana phiri. Mitambo inali itachoka, ndipo linkaoneka ngati likuyandama, likupita kumtunda pang'onopang'ono pamodzi ndi mitengo yonse ya kutsidya, ife titaima malo amodzi. Mchenga unkathawa pansi pa mapazi anga. Nthambi ina inandikhudza m'nthiti n'kupita. Kukhutu kwanga ndinkamva kampweya kotentha, kakufupikafupi, ndipo ndinkaponda motsatira kameneko. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yotani pakatipo. Ndinangoona kuti madzi abwerera pamimba, kenaka m'chiuno, kenaka ndikukwawa m'matope ndi maondo, amayi a mchere akundikoka dzanja uku akutukwana Ruo ndi makolo ake.

Nditacheuka, amayi anali atagwada m'mabango. Amalume anali ataima, akuyang'ana kumunsi pang'ono kwa pamene tinali, chifukwa sankationa. Amayi anawakoka malaya n'kuwalozera. Anakweza kansungwi kawo m'mwamba.

Tinayenda m'minda ya tiyi, zovala zikuuma pathupi. Kuchipatala namwino atangomuona mwanayo anasiya anthu a pamzere n'kumutenga. Pomubaya jakisoni woyamba sanalire, anangotsegula pakamwa. Madzulo ake anthu ochokera kumtsinje anati Ruo wakweranso, ndipo amayi a mchere anakhala nane pakhonde la chipatala masiku angapo, akudandaula za mchere wawo umene anausiya ndi alamu osadziwa kuumira.

Masiku amenewo sindiwakumbuka bwino. Ndimakumbuka khoma loyera, fungo la mankhwala, ndi dzanja langa lili pachifuwa cha mwana. Tsiku lina masana kunabwera asisitere achizungu, okalamba, ovala nsalu yoyera kumutu, akuyendera odwala. Anawerama pa ife kuti amve kupuma kwake. Mwanayo anatsegula maso, anaona nkhope imene anali asanaonepo mtundu wake, anakoka mpweya mpaka pansi, n'kukuwa. Anakuwa mwakuti ana ena onse m'chipindamo anadzuka n'kumuthandiza. Anagwira nsalu ya asisitere n'kuikokera pansi, ndipo zinatengera anthu awiri kuti amasule zala zake.

"Ameneyu wachira," anatero asisitere m'Chichewa chawo chopindika, akukonza nsalu. "Mumutenge asanandigonthetse."

Ndinamunyamula kuti ndimutonthoze, koma sindinafulumire. Ndinamusiya alire pang'ono.